Shini, chilembo chimene chili pakati pa Yeshua ndi Yesu

Funso: Ndine mkulu wa mpingo. Achinyamata ena kwathu kuno ayamba kukana kutchula dzina la Yesu. Akuti dzina lenileni ndi Yeshua, ena akuti Yahshua, ndipo Mose ndi Moshe, Sabata ndi Shabbat. Akuti m'Chiheberi muli chilembo chotchedwa shini chimene azungu anachichotsa dala m'Baibulo, choncho wopemphera m'dzina la Yesu akuitana munthu wina. Kodi chilembo chimenechi n'chotani, ndipo zimene akunenazi n'zoona?

Yankho:

Bambo, achinyamata anuwo sanapeke chilembochi. Shini ilipodi, ndipo n'zoona kuti m'Chiheberi mayina a Mose, Samueli, Solomo, Yoswa ndi Yesu ali ndi chilembo chimenechi, chimene Ayuda ambiri lero amachitchula ngati sh wa mu shuga kapena shati. Pamenepo alondola. Pamene asokera ndi pa amene anasintha katchulidwe, nthawi imene anasinthira, ndi chifukwa chake. Oyamba kulemba s m'mayina amenewa anali Ayuda eni ake, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe. Komanso s amene akumukanayo anabadwa kuchokera ku shini yomweyo. Ndifotokoza mofatsa, chifukwa mukawayankha ndi ukali wokha adzangotsimikiza kuti pali chimene mukubisa.

Shini imalembedwa chonchi: ש. Ili ndi nthambi zitatu zoloza kumwamba zimene zimakumana pansi. Pa zilembo 22 za alifabeti ya Chiheberi, iyi ndi ya nambala 21, pakati pa reshi ndi tavu, ndipo Ayuda akamalemba manambala ndi zilembo, shini imaimira 300. Chiheberi chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo zilembo zake ndi makonsonanti. Kalekale mavawelo ambiri sankalembedwa, wowerenga ankawadziwa pamtima.

Chimene ongoyamba kumva za shini sadziwa n'chakuti chilembo chimodzichi chili ndi matchulidwe awiri. Mukatsegula Baibulo la Chiheberi losindikizidwa mudzaona kadontho pamwamba pake. Kakakhala kumanja (שׁ), mutchule sh, monga mu shalom, mtendere. Kakakhala kumanzere (שׂ), mutchule s, ndipo pamenepo chilembocho chimatchedwa sini. Dzina la Israyeli lili ndi sini, la Sara lili ndi sini. Ndiye munthu amene akuti paliponse pamene Baibulo lathu lalemba s payenera kubwezeredwa sh, walakwa pa Chiheberi chenichenicho. Timadonthoti si ta nthawi ya Mose kapena ya Yesaya. Anatiika ndi alembi achiyuda otchedwa Amasorete, makamaka a mumzinda wa Tiberias m'mbali mwa nyanja ya Galileya, kuyambira cha m'ma 600 mpaka m'ma 900 Yesu atabadwa kale. Mpukutu waukulu wa Yesaya umene unapezeka m'phanga ku Qumran mu 1947, wolembedwa zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe, ulibe kadontho ndi kamodzi komwe, ndipo mipukutu ya Chilamulo yowerengedwa m'masunagoge mpaka lero ilibenso. Wowerenga amadziwa yekha, monga mmene inu mukaona mawu akuti mtengo papepala mumadziwira ngati ndi wa m'nkhalango kapena wa pamsika, ngakhale kuti kakwezedwe ka mawu kamene kamasiyanitsa awiriwa sitikalemba. Buku lakale kwambiri lokhala ndi Chipangano Chakale chonse cha Chiheberi pamodzi ndi timadontho take ndi Leningrad Codex, lokopedwa ku Cairo cha mu 1008, limene likusungidwa ku St Petersburg. Omasulira Baibulo ambiri masiku ano amayambira pamenepo.

Kuti muone ndi maso anu kuti olemba Baibulo ankaziwerenga shini ndi sini ngati chilembo chimodzi, tsegulani Salimo 119. Lili ndi mavesi 176, ogawidwa m'zigawo 22 za mavesi 8, ndipo m'chigawo chilichonse mavesi onse amayamba ndi chilembo chimodzi, motsatira alifabeti. Chigawo cha shini ndi vesi 161 mpaka 168. Mavesi 161, 162 ndi 166 amayamba ndi mawu a sini: sarim, akalonga, sas, kukondwera, sibbarti, ndayembekeza. Asanu otsalawo amayamba ndi shini, kuphatikizapo sheqer, bodza, ndi shalom pa vesi 165. Wolemba salimoyo anawasakaniza osaona vuto.

Nanga zinatheka bwanji kuti matchulidwe awiri agwere m'chilembo chimodzi? Alifabeti ya zilembo 22 Aisrayeli anaitenga kwa anansi awo a ku Foinike, a ku Turo ndi Sidoni, ndipo chilankhulo cha anthu amenewo chinali ndi makonsonanti ocheperapo. Chilembo chapadera cha sini munalibe, choncho shini inagwira ntchito ziwiri. Koma apa pali funso labwino. Chiheberi chinali kale ndi chilembo cha s, sameki (ס). Sini ikanakhala s wamba, alembi akanangolemba sameki. Sanatero chifukwa m'masiku a mafumu a Israyeli sini sinkamveka ngati s. Akatswiri ambiri a zilankhulo zachisemiti, banja la Chiheberi ndi Chiarabu, makamaka kuyambira pa kafukufuku wa Richard Steiner wa mu 1977, amavomereza kuti inkatchulidwa nsonga ya lilime itagunda kumwamba, mpweya n'kumatulukira m'mbali mwa lilimelo. Abale athu amene akhala ku Johannesburg kapena ku Bulawayo amalidziwa bwino liwu limeneli, ndi hl wa mu Chizulu ndi Chindebele, monga mu hlala. Zilankhulo zina zapachibale ndi Chiheberi, monga Mehri ku Yemen ndi Oman, zikadali nalo. Chizindikiro chake chili ngakhale m'Mabaibulo a Chichewa, mmene anthu a ku Babulo pena amatchedwa Akasidi, pena Akaldayo. Ndi dzina limodzi. Chiheberi chinalemba Kasdim ndi sini, koma m'zilankhulo zina linamveka ndi l, n'chifukwa chake Agiriki analemba Chaldaioi. Mawu a Chiheberi otanthauza mafuta onunkhira, bosem, nawonso olembedwa ndi sini, atafika m'Chigiriki anakhala balsamon, l ndi s pamodzi. Tanthauzo lake n'lakuti dzina la Israyeli mmene Davide ankalitchulira, lero palibe amene amalitchula choncho, ngakhale mphunzitsi wa Chiyuda ku Yerusalemu.

Ayuda atabwerera kuchoka ku ukapolo ku Babulo, liwu la hl lija linayamba kutha n'kusanduka s, ndipo alembi anayamba kusokoneza sini ndi sameki. Pa Mlaliki 1:17 mawu otanthauza uchitsiru alembedwa ndi sini, koma pa 2:3 mawu omwewo alembedwa ndi sameki. Magulu ena anapita njira yawoyawo. Asamariya, amene akadalipo ochepa pa phiri la Gerizimu ndi ku Holon, amatchula chilembochi sh paliponse, ngakhale m'dzina la Israyeli. Ayuda ambiri a ku Lithuania ankachita zosiyana ndi zimenezo, ankatchula s pamene anzawo akutchula sh, moti tsiku lopuma ankalitcha Sabes. M'Chiarabu, pamene Chiheberi chili ndi shalom pali salaam, ndipo Asilamu anzathu amati Musa ndi Sulaimana. Katchulidwe kamodzi kovomerezeka kwa onse ka chilembo chimenechi sikanakhalepo.

Baibulo lenilenilo limachitira umboni zimenezi, m'nkhani yowawa ya pa Oweruza 12:1-6. Yefita wa ku Gileadi atagonjetsa Aamoni, amuna a fuko la Efraimu anabwera ndi mkwiyo kuti sanawaitane kunkhondo, mpaka kuopseza kuti atentha nyumba yake iye ali momwemo. Nkhondo inabuka pakati pa Aisrayeli okhaokha. Aefraimu atagonja anathawira ku Yordano kuti awolokere kwawo, koma Agileadi anali atatseka kale madooko. Wothawa aliyense akakana kuti si Mwefraimu, ankamuuza kuti anene shibboleth, mawu otanthauza ngala ya tirigu kapena madzi oyenda mwamphamvu. Mwefraimu ankati sibboleth, chifukwa lilime la kwawo silinkatha kutchula monga Agileadi, ndipo ankamupha pomwepo. Wolemba nkhaniyi analemba mawu oyamba ndi shini, achiwiri ndi sameki, kuti wowerenga aone kusiyana kwake, ndipo akuti anagwa Aefraimu 42,000. Onani bwino: Efraimu linali fuko la Yoswa mwana wa Nuni, mwini dzina limene achinyamata anuwo akulimbirana. Ngati Aefraimu a m'masiku a Yefita sankatha kutchula shini monga anansi awo, ndiye kuti m'kati mwa Israyeli momwemo munali anthu a pangano amene ankatchula mayina a shini mwanjira ina. Ndipo palibe pamene Malemba amanena kuti Mulungu sankamva pemphero la Mwefraimu chifukwa cha lilime lake. Amene anasandutsa katchulidwe kukhala chiweruzo anali anthu okhala ndi lupanga padooko.

Ife nkhani yotere si yachilendo. Mu Meyi 2008 ku South Africa, pa ziwawa zolimbana ndi anthu obwera, zimene zinapha anthu 62 ndi kubweza Amalawi ambiri kwawo pa mabasi, nyuzipepala zinalemba kuti magulu ena ankaimitsa munthu n'kumuuza kuti atchule chigongono m'Chizulu, indololwane. Ine ndikamva munthu akuyesa chikhulupiriro cha mnzake ndi katchulidwe ka chilembo, mtima wanga sukhala m'malo.

Tsopano tione ulendo wa chilembochi, chifukwa yankho la funso lanu lili m'menemo. Zina mwa zilembo zakale kwambiri za banja limeneli zinapezeka pa miyala ku Serabit el-Khadim m'chipululu cha Sinai, kumene katswiri wofukula zinthu zakale Flinders Petrie anazipeza mu 1905 pafupi ndi migodi yakale ya Aigupto. Zinalembedwa zaka zoposa 3,500 zapitazo, ndipo chilembo chilichonse chinali kachithunzi ka chinthu chimene dzina lake limayamba ndi liwu limenelo. Dzina la shini limagwirizana ndi shen, dzino, ngakhale akatswiri ena amati kachithunzi koyambirira kanali uta. Pofika nthawi ya Afoinike ndi mafumu a Israyeli, chilembocho chinkaoneka ngati W. Mungachione choncho pa mwala wa Mesa mfumu ya Mowabu, yemwe uja wa pa 2 Mafumu 3:4, umene unapezeka ku Dhiban mu 1868 ndipo uli ku Louvre, nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda wa Paris. Pamwalapo dzina la Mesa ndi la Israyeli onse alembedwa ndi W yemweyo. Maonekedwe a nthambi zitatu a lerowa anabwera pambuyo pake, Ayuda atatengera kalembedwe ka Chiaramu pambuyo pa ukapolo. Cha m'ma 700 Yesu asanabadwe, Agiriki anali atatenga kale alifabeti ya Afoinike. W uja anamugoneka chammbali n'kukhala Σ, sigma, ndipo popeza Chigiriki chinalibe liwu la sh, anampatsa ntchito ya s. Kuchokera kwa Agiriki, kudzera kwa anthu a ku Italy otchedwa Etruscan, chilembocho chinafika kwa Aroma n'kukhala S. Choncho s wa mu Yesu, Mose ndi Sabata m'Baibulo lanu ndi shini yomweyo itayenda ulendo wa zaka pafupifupi 3,000. Palibe amene anaichotsa.

Cha m'ma 250 Yesu asanabadwe, mumzinda wa Alexandria ku Igupto munali Ayuda ambiri amene chilankhulo chawo cha tsiku ndi tsiku chinali Chigiriki. Mu ulamuliro wa Ptolemy II anamasulira mabuku asanu a Mose m'Chigiriki, ndipo mabuku ena anatsatira m'zaka zotsatira. Baibulo limenelo ndi lomwe limatchedwa Septuagint. Omasulira ake anali Ayuda odziwa Chiheberi, koma atafika pa mayina okhala ndi shini analibe chilembo china koma sigma. Moshe anakhala Mouses, Shemuel anakhala Samouel, Shimshon anakhala Sampson, Shabbat inakhala sabbaton, Yerushalayim anakhala Ierousalem, ndipo Yehoshua, Yoswa wathu, anakhala Iesous. Kuti muone kukula kwa vuto lawo, pa nkhani ya padooko ija analephereratu kusonyeza kusiyana kwa shibboleth ndi sibboleth. M'mipukutu ina ya Chigiriki anangomasulira kuti ngala ya tirigu, mwina anangolemba mawu otanthauza chizindikiro chodziwirana. Pambuyo pa chaka cha 132 Yesu asanabadwe, Myuda wina anamasulira m'Chigiriki buku la agogo ake, buku la Sira limene lili m'Mabaibulo a Akatolika, ndipo m'mawu oyamba anawatchula agogo akewo kuti Iesous. Kodi mdzukulu ameneyu anali kunyoza agogo ake? Ankangolemba dzina lawo mmene Myuda aliyense wolankhula Chigiriki ankalilembera. Josephus, wansembe wa ku Yerusalemu amene analemba mbiri ya Ayuda m'Chigiriki kumapeto kwa zaka 100 zoyambirira, amatchula amuna angapo a dzina la Iesous, ena mwa iwo akulu a ansembe.

Umboni umene ine ndimauona wolemera kuposa wonse ndi wa Chipangano Chatsopano. Mipukutu yake yonse yakale kwambiri ili m'Chigiriki, ndipo olemba ake pamene afuna kusunga mawu enieni a Chiheberi kapena Chiaramu, shini amailemba ndi sigma. Pa Marko 15:34 pali kulira kwa Ambuye pamtanda m'Chiaramu, ndipo mawu otsiriza, amene m'chilankhulocho amayamba ndi sh, Marko anawalemba sabachthani. Hosana wa anthu a ku Yerusalemu ndi hoshia na wa pa Salimo 118:25. Getsemane ndi gat shemanim, mopondera mafuta. Pa Yohane 1:41 ndi 4:25 pali Messias, Mesiya, kuchokera ku Mashiach. Pa Machitidwe 26:14 Paulo akunena yekha kuti mawu ochokera kumwamba analankhula naye m'Chiheberi, komabe Luka polemba kuitanako analemba Saoul, Saoul, ndi sigma, pamene Chiheberi chili ndi Shaul. Ngati kulemba s m'malo mwa sh kukanakhala kuwononga dzina, ndiye kuti oyamba kuwononga ndi Marko, Yohane, Luka ndi Paulo. Vesi limene achinyamata otere amalikonda ndi Machitidwe 4:12, lakuti palibe dzina lina pansi pa thambo lopulumutsa. Koma dzina limene vesilo likunena lili pa vesi 10, ndipo pamenepo Luka analemba Iesou.

Mawu amenewo, Iesou, muwatchule mokweza ndipo mumva Yesu wathu. Dzinali linayenda motere. Yehoshua, lotanthauza kuti Yehova amapulumutsa, linafupikitsidwa pambuyo pa ukapolo kukhala Yeshua. Pa Nehemiya 8:17 Yoswa mwana wa Nuni akutchedwa Yeshua, ndipo mkulu wa ansembe wa pa Ezara 3:2 ali ndi dzina lomwelo. Linali dzina lofala, ndipo lapezeka lozokotedwa pa mabokosi amiyala osungiramo mafupa a akufa a m'nthawi ya Yesu pafupi ndi Yerusalemu. M'Chigiriki, ye anakhala ie, sh anakhala s, ndipo kumapeto anaikako s wina amene Chigiriki chimaika pa mayina ambiri aamuna akakhala mwininkhani m'chiganizo, monga mu Mouses ndi Messias. Dzinalo likakhala pamalo ena m'chiganizo, monga ponena kuti m'dzina la, s wotsirizayo amagwa n'kutsala Iesou. Pa Machitidwe 7:45 ndi Aheberi 4:8, Iesous yemweyo akunena za Yoswa wa m'Chipangano Chakale, ndipo pa Akolose 4:11 pali mnzake wa Paulo, Yesu wotchedwa Yusto. Choncho achinyamatawo akulondola kuti amayi ake ndi anzake a ku Nazarete ankamuitana ndi dzina la Yeshua. Koma Yeshua, Iesous ndi Yesu ndi dzina limodzi la munthu mmodzi m'zilankhulo zitatu.

Za Yahshua ndi nkhani ina, ndipo apa ndinena mosapsatira. Dzina lolembedwa choncho mulibe m'Baibulo la Chiheberi. Linafalitsidwa ndi magulu ena a ku America a m'zaka za m'ma 1930, amene ankafuna kuti Yah amveke m'dzina la Mpulumutsi. M'mayina a Chiheberi, yah kapena yahu amakhala kumapeto, monga mu Eliyahu ndi Yeshayahu, Eliya ndi Yesaya athu. Kumayambiriro, Amasorete analemba yeho kapena yo, monga mu Yehoshafat ndi Yonatan. Ndipo ie wa Chigiriki, wolembedwa zaka mazana ambiri Amasorete asanabadwe, akutsimikiza kuti dzinali linkayamba ndi ye. Pali enanso amene amati Iesous akuchokera ku Zeus, mulungu wa Agiriki. Mayina awiriwa sagwirizana n'komwe. Zeus amayamba ndi chilembo cha zeta, chimene mu Iesous mulibe, ndipo Ayuda a ku Alexandria amene ankadana ndi mafano sakanapatsa Yoswa dzina la fano. Ndiwonjezere kuti Yeshua m'Chiheberi ali ndi zilembo zinayi, yodi, shini, vavu ndi ayini, ndipo chomalizacho ndi liwu lapakhosi limene Chichewa ndi Chingerezi zilibe, ndipo Aisrayeli ambiri a lero salitchulanso. Wonena kuti Yeshua wabweza sh, koma ayini wamusiya. Mlandu umene akuimba Yesu ukumugweranso iye.

Kuchoka ku Chigiriki, mayinawa analowa m'Chilatini, chimene nachonso chinalibe sh. Jerome, amene anamasulira Chipangano Chakale kuchokera ku Chiheberi ali ku Betelehemu n'kumaliza cha mu 405, ankalidziwa vutoli. Analemba kuti Aheberi ali ndi ma s atatu, sameki, sini ndi sade, ndi kuti mu sini mumamveka kaphokoso kachilendo m'Chilatini. Sanabise kanthu, analibe chilembo choti alembere. Mabaibulo a Chingerezi anasakaniza: mayina odziwika kale kwa anthu anawasiya ndi s, Moses, Samuel, Solomon, koma ena anawatenga ku Chiheberi mwachindunji, Shem, Shechem, Elisha. King James ya mu 1611 inasindikiza dzina la Ambuye kuti Iesus, J anabwera pambuyo pake. Omasulira a Chichewa, kuyambira Buku Lopatulika la mu 1922 limene ntchito yake inatsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma, kenako Buku Loyera la mu 1998, anasunga s m'mayina otchukawa, ndipo m'mayina ngati Semu, Sekemu ndi Elisa timamva s pamene Chingerezi chili ndi sh. Zinali zoyenera, poti sh sapezeka kawirikawiri m'mawu achibadwidwe a Chichewa. Koma y wa kumayambiriro anamusunga, moti Yesu, Yoswa ndi Yerusalemu athu ali pafupi ndi Chiheberi kuposa mmene Angerezi amatchulira.

Sindikufuna kuti muchoke ndi maganizo akuti shini ndi chilembo chopanda ulemu kwa Ayuda. Pafelemu ya chitseko cha nyumba ya Myuda pamakhala kabokosi kotchedwa mezuzah, mmene muli kachikopa kolembedwa Deuteronomo 6:4-9 ndi 11:13-21, ndipo kunja kwake nthawi zambiri kumakhala shini, kuimira Shaddai, dzina la Mulungu la pa Genesis 17:1 limene timalimasulira kuti Wamphamvuyonse. Kabokosi kachikopa kamene amuna amamanga pamphumi popemphera, kofanana ndi kamene Yesu anatchula pa Mateyu 23:5, kali ndi shini ziwiri, ya nthambi zitatu mbali ina, ya nthambi zinayi mbali inayo. Chivomerezo chachikulu cha Israyeli chimayamba ndi Shema, imva. Umenewu ndi mwambo wokongola wokumbutsa anthu za Mulungu. Chimene muyenera kuchenjera nacho ndi chiphunzitso chofala pa intaneti chakuti chilembo chilichonse chili ndi tanthauzo lobisika, ndipo ukaphatikiza zithunzi za zilembo umapeza uthenga wachinsinsi wa mawuwo. Zithunzi zija zinangothandiza kukumbukira liwu la chilembo, ndipo pofika nthawi ya aneneri zinali zitasanduka kale zizindikiro za katchulidwe basi. Chilembo choyamba cha shalom ndi Shaddai ndi chomwenso chimayamba sheqer, bodza, ndi Sheol, kumanda, ndipo kadontho kakapita kumanzere chimayamba dzina la Satana. Kusewera ndi zilembo kumene kulidi m'Baibulo n'kwa mtundu wina, ndipo kumatsatira lamulo loti aliyense angaliyese. Pa Yeremiya 25:26 ndi 51:41 pali dzina lakuti Sheshak. Mukasinthanitsa chilembo choyamba cha alifabeti ndi chomaliza, chachiwiri ndi chachiwiri kuchokera kumapeto, mpaka zonse, shini imasinthana ndi beti, kafu ndi lamedi, ndipo Sheshak amakhala Babel, Babulo.

Pa zoti muchite, ine sindingaletse wachinyamata kunena Yeshua m'pemphero lake. Ndi dzina loona, Akhristu olankhula Chiheberi ku Israel amalitchula choncho, ndipo chidwi chofuna kudziwa chiyambi cha Malemba n'chofunika kuchisamala. Pokanira ndi pamene wayamba kuuza agogo ake kuti ubatizo wawo ndi wachabe, kapena kukana kuvomera Amen pa pemphero la mnzake. Aitaneni, mukhale nawo pansi, ndipo muwapemphe chinthu chimodzi: abweretse mpukutu wakale wa Chipangano Chatsopano umene uli ndi dzina limene akunenalo. Kufufuzako angakuchite pa foni. Codex Sinaiticus, buku la m'zaka za m'ma 300 lokhala ndi Chipangano Chatsopano chonse m'Chigiriki, limene mbali yake yaikulu ili ku British Library mu London, linajambulidwa tsamba ndi tsamba n'kuikidwa pa intaneti kwaulere. Muwachenjeze zinthu ziwiri kuti asasokonezeke. M'kalembedwe ka nthawi imeneyo sigma imaoneka ngati C. Ndipo alembi achikhristu ankafupikitsa mayina opatulika n'kuika kamzere pamwamba, moti dzina la Yesu adzalipeza ngati IC kapena IY. Ayambire pa chaputala choyamba cha Yohane. Pa vesi 17 pali Mose ndi Yesu m'chiganizo chimodzi, dzina la Mose lolembedwa lonse ndi sigma pakati pake, ndipo akatsikira pamene Andreya akuuza Simoni kuti apeza Mesiya, adzapeza sigma pamalo pamene Chiheberi chili ndi shini.